Mapiritsi Otsala pa Maliro

Mwana wathu womaliza ndi wamkazi, ndipo Mulungu anamupatsa miyendo. Ena amawapatsa mawu oimbira, ena dzanja lobereketsa munda, koma iye anamupatsa liwiro. Ali wamng'ono ndinkamutuma kumsika wa Milange kukagula mchere ndiwo zili pamoto, ndipo ankabwerako ndisanazivundule. Sankapuma wefuwefu. Ankangoika mcherewo pansi n'kufunsa ngati pali china.

Mphunzitsi wina wa pasukulu yake, amene tonse timangowatchula kuti a porofesolo, ndi amene anaona kuti chimenechi si chibwana. Anayamba kumutenga m'mamawa pamodzi ndi anzake kukathamanga m'njira za m'munsi mwa phiri la Tumbine. Anapita naye ku Mocuba, anapambana. Anapita naye ku Quelimane, anapambananso. Pamapeto pake gulu lina la othamanga la ku Maputo linamutenga n'kumupezera malo pasukulu yogonera komweko. Anatiuza mosabisa kuti sukuluyo, bedi ndi chakudya zidzakhalapo malinga ngati akuthamangira gululo. Ana athu ena onse anasiyira sukulu panjira. Uyu yekha ndi amene khomo linamutsegukira, ndipo chimene chinkalitchinga kuti lisatsekeke chinali miyendo yake.

Kumpingo sizinayambe bwino. Amayi anzanga ataona chithunzi chake pafoni atavala kakabudula kothamangira, mmodzi anandigwira pamkono.

"Achemwali, nsalu inatha ku Maputo kodi? Nenani timutumizire chitenje."

"Tumizani," ndinatero, "koma mupitenso muzikamugwirira kumbuyo akamathamanga."

Anaseka, nkhani inathera pomwepo. Amuna anga, amene ndi mkulu wa mpingo wathu, iwo sanakayikepo. Ankati mphatso siikwiriridwa pansi, chifukwa woipereka adzabwera kudzafunsa.

Kuti zimene zinachitika zimveke, ndiyenera kunena za chitini. Ife ndife a anthu aja amene nkhondo inawathamangitsira kutsidya kwa Ruo. Ine ndi amuna anga tinakwatirana mumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo ana athu awiri oyamba tinawasiya m'nthaka ya kumeneko. Wachiwiriyo anamwalira ndi malungo pa nthawi imene kuchipatala cha mumsasa kunalibe mankhwala. Pambuyo pake tinamva kuti banja lina loyandikana nafe linali litataya mapiritsi a malungo m'chimbudzi, chifukwa mwini wake anali atamwalira ndipo ankaopa kusunga za wakufa. Kuyambira pomwepo akulu a mpingo anagwirizana kuti piritsi silitayidwa. Munthu akachira, kapena akatisiya, otsalawo azibwera kumpingo. Mwambo umenewu tinabwerera nawo kuno mtendere utafika, pamodzi ndi mapoto ndi makasu.

Chitinicho chinali cha mkaka wa ufa, ndipo chinkakhala m'nyumba mwathu, pamwamba pa khoma pomwe ana safika. Maliro akatha, tsiku losesa pakhomo, wamasiye ankabweretsa timatumba ta pulasitiki ta mankhwala, amuna anga n'kukhuthulira m'chitinimo. Timatumbato tinkatitentha poti pankakhala dzina la malemu. Mankhwalawo tinkawadziwa ndi maso: ofiira mbali imodzi ndi a chifuwa ndi mabala, oyera aakulu ndi a mutu. Wodwala akabwera, amuna anga ankasankha, n'kuwaika pachikhatho pake, n'kuwapempherera asanamwe. Sindikunena kuti zinali zanzeru. Ndikunena kuti anthu ambiri a kwathu kuno, amene chipatala chili nawo kutali, anapezapo tulo chifukwa cha chitinicho, ndipo ife tinkachiona ngati mbiya ija ya mkazi wamasiye imene ufa sunathemo nthawi ya chilala.

Amuna anga anakalambira panjinga, kunyamula matumba a chimanga ndi nandolo kupita nawo kumalire, ndipo pa zaka zimenezo mapazi awo anali atayamba kutupa. Kuchipatala sankafuna kupitako. Mkulu mnzawo wa ku Majaua, amene ankadwala tensau, imene kutsidya amati bipi, atamwalira anasiya timapiritsi toyera tating'ono tambiri. Mkazi wake potipatsa anati, "Akamwa amenewa ankakodza kwambiri, mapazi n'kuphwa." Amuna anga anayesa, ndipo zinaterodi. Anawatcha a mapazi.

Nyengo ina yozizira mwana wathu anabwera kudzationa, mpikisano waukulu wa dziko lonse uli pafupi. Ulendo wochoka kuno kukafika ku Maputo si wamasewera. Umakwera shapa, timinibasi tathu tija, mpaka ku Mocuba, kenaka basi yaikulu imene umakhalamo miyendo yopinda, katundu wa anthu ali pamapazi pako, mpaka kuiwala kuti unali ndi maondo. Iye anadandaula kuti akafika kumeneko mapazi amakhala atafufuma ngati mikate, nsapato zothamangira osalowa.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinamukazingira mtedza, ndinamuphikira chinangwa. Kwathu kuno mwana sayenda ulendo wautali opanda kamankhwala m'thumba, choncho bambo ake anatsitsa chitini.

"Awa ndi a mutu, ukuwadziwa," anatero. "Ang'onoang'onowa ndi a mapazi. Ukatsika basi umwe kamodzi, mawa lake kenanso. Uona wekha."

"Ababa, a porofesolo anati tisamamwe chilichonse osawafunsa."

"A porofesolo akunena za mankhwala a akuba aja, obaya aja. Ine ndingakupatse choipa? Ndimamwa ndine amene. Taona mapazi angawa, ngati a mnyamata wopita kokafunsira."

"Akulolani ndani ndi zikang'a zimenezo?"

Anaseka onse awiri. Kenaka mwana anagwada, bambo ake anaika mapiritsiwo pachikhatho pake, anaphimba ndi dzanja lawo, n'kupempha Ambuye kuti adalitse mankhwalawo, njira ndi miyendo ya kapolo wawo. Ine ndinati ameni.

Anapambana. Madzulo a tsikulo anandiimbira foni, mawu ali m'mwamba, koma chimene ankafuna kundiuza sichinali mendulo ayi.

"Amayi, zimene ndaona lero sindinazionepo. Nditangodutsa mzere, ndisanapume n'komwe, mayi wina wandiimirira kutsogolo, akuti ndisachoke pamaso pake. Kumwa madzi, ali pomwepo. Kulandira mendulo, ali pomwepo. Kenaka wanditengera m'kachipinda, akuti ndikodzere m'kapu iye akuona."

"Akuona?"

"Akuona, amayi! Malaya m'mwamba, kabudula m'maondo. Mkodzo unakana kubwera ndi manyazi. Ndinamuuza kuti ngakhale mayi anga anasiya kalekale kundiona chonchi. Iye osaseka."

Anandifotokozera kuti opambana amawayeza chomwecho pofuna kugwira amene amamwa mankhwala owonjezera mphamvu. Mkodzowo anauthira yekha m'mabotolo awiri aang'ono, anatseka yekha ndi zitsekerero zimene sizitseguka popanda kuswa. Pabotolo sanalembepo dzina lake koma nambala, kuti woyezayo asadziwe kuti ndi wa yani. Mabotolowo amapita pandege kudziko lina, kumene kuli makina otha kupeza ngakhale kanthu kamene munthu anamwa masiku apitawo. Mayi uja anamufunsanso ngati anamwapo mankhwala alionse posachedwa, ndipo iye anati timapiritsi ta bambo anga, dzina sindikulidziwa. Akuti mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali.

Ndinamva manyazi m'malo mwake, koma mantha ndinalibe. Lamulungu lotsatira tinathokoza mumpingo, ndipo mayi uja wa chitenje ndi amene anayambitsa nthungululu.

Kunja kutayamba kutentha, fumbi litabwerera m'misewu, a porofesolo anafika pakhomo panjinga yamoto. Ndinawapatsa mpando, anakhala pansonga pake. Anati botolo loyamba latsegulidwa ndipo mwapezeka mankhwala oletsedwa. Anatchula dzina lalitali limene lilime langa silitha kulibwereza.

"Ndi mankhwala ochotsa madzi m'thupi," anatero. "Madokotala amapatsa odwala tensau."

"Ndiye amawonjezera liwiro?" anafunsa amuna anga.

"Ayi, abambo. Koma akuba amamwa amenewa kuti atsuke mankhwala ena aja asanawayeze. Choncho wopezeka nawo amamuona ngati munthu amene akusesa pomwe padutsa mbala. Mwanayo ndalankhula naye. Akuti munamupatsa ndinu."

Amuna anga anadzuka, analowa m'nyumba, anatuluka ndi chitini n'kuchitsegula pamaso pawo. A porofesolo anasuzumiramo, anagwira kumutu.

"Mayo ine. Chipatala chonse chili muno? Nanga ang'onoang'onowa anakulemberani ndani?"

"Sanalembere ine. Analembera malemu, mnzanga wa ku Majaua."

Ine ndinafunsa za botolo lachiwiri lija, poti mtima wanga unali utakakamira pamenepo. Anati tili ndi ufulu wopempha kuti alitsegule, koma mkodzo wake ndi womwewo, ndipo mwana wavomera kale kuti anamwa. Botolo lachiwiri lidzangobwereza zimene lanena loyamba. Anati pakali pano amuimitsa kuthamanga, koma akadali pasukulu mpaka mlandu wake utamveka.

A porofesolo anabweranso tsiku lina, ulendo uno atakonzeka.

"Lamulo lake ndi louma," anatero. "Chimene chapezeka m'thupi mwako ndi chako, kaya unadziwa, kaya sunadziwe. Chilango sichilephera. Koma chimatha kufupika oweruza akaona kuti wothamangayo sanalakwe kwenikweni. Ikakhala miyezi yochepa, gulu limudikira, sukulu apitiriza. Zikakhala zaka, amuchotsa, bedi apatsa wina. Ndiye tamverani. Mawa mupite kuchipatala akakuyezeni. Ndi mapazi amenewo, tensau muli nayo ndithu. Akupatsani mankhwala omwewa m'kathumba kolembedwa dzina lanu. Pamlandu mudzanene kuti mwakhala mukumwa kwa nthawi yaitali, ndipo tsiku lija munasokoneza ndi a mutu chifukwa maso akalamba. Mwana ankadziwa kuti akumwa a mutu. Basi."

"Ndiye kuti ndiname."

"Sindinati muname. Ndati mukonze nkhani."

"Nanga pamene ndasokoneza ndi pati? Ndinasankha ndekha, ndinamuuza kuti awa ndi a mapazi."

"Abambo, ine si wa mpingo wanu, koma mwanayu ndathamanga naye m'matope kuyambira ali kamwana. Anthu a ku Maputo aja sadziwa za msasa, sadziwa za chitini. Akamva kuti anamwa dala mankhwala opanda dzina, otsala pa maliro, atauzidwa kale kuti asamatero, adzati ndi kusasamala kwakukulu. Mudzakhala mutamuphera tsogolo kawiri."

Amuna anga anati akaganiza. A porofesolo ponyamuka anandiyang'ana ine, ngati akundisiyira ntchito.

Madzulo ake mwana anaimba. Ndinakweza mawu a foni kuti bambo ake amve.

"Ababa, chonde. Kamodzi kokha. Mulungu akudziwa kale kuti sindinabe. Amene sakudziwa ndi anthuwa, ndipo zoona sizingawathandize kudziwa."

"Ndamva, mwanawe."

"Mwamva, koma muchita?"

"Ndamva," anabwereza, n'kundibwezera foni.

Masiku amenewo ndinasala kudya, ndipo ndinafufuza m'Mawu ngati mayi wofunafuna singano m'mphasa. Ndinapeza anamwino aja amene mfumu inawalamula kupha ana aamuna, iwo n'kuinamiza mfumuyo, ndipo Mulungu anawachitira zabwino. Ndinapeza mkazi uja amene anabisa azondi padenga n'kuuza asilikali kuti apita kale, ndipo nyumba yake yokha ndi imene inatsala mzinda utagwa. Ndinapita nazo zimenezi kwa amuna anga tikupalira kudimba, poti kunyumba anthu sankatha.

"Amenewo ananamiza anthu ofuna kupha," anayankha. "Awa sakufuna kupha munthu. Akufunsa chimene chinachitika."

"Ndiye mwana wathu aphedwe ndi zoona?"

"Saphedwa."

"Mukudziwa chimene ndikunena, bambo."

Anaimika khasu. "Mayi, mapiritsi amenewo ndinawapempherera. Ndinaitanira dzina la Ambuye pa iwo, ndipo taona chimene chatulukamo. Ndalakwa kale kamodzi m'dzina limenelo. Pamlandu adzandiuza kuti ndilumbire. Ndiitanirenso dzina lomwelo pa bodza? Lamulungu lake ndidzaime bwanji kutsogolo kugawa mgonero?"

"Mgonero angagawe wina. Mwanayu bambo wina alibe."

"Ndi wa Mulungu asanakhale wathu."

Ndinawayankha mawu amene sindiwalemba pano. Tinapalira mpaka dzuwa litatentha, aliyense mzere wake. Kuchipatala sanapite, komanso sananene kuti akana. A porofesolo anati palibe kanthu, nkhani ya maso okalamba ingathe kunenedwa ngakhale popanda kathumba.

Mlanduwo unachitikira pafoni. Tinapita kusukulu, kumene foni imagwira bwino, tinalowa m'kalasi yopanda ana. A porofesolo anatsamiritsa foni yawo pabokosi la choko, ndipo tinaona nkhope za oweruza, zazing'ono ngati za pandalama yachitsulo: abambo awiri ndi mayi mmodzi amene anali dokotala. Mwana wathu anali nawo m'chipinda chomwecho ku Maputo, atavala yunifolomu, manja ali pamiyendo. Amuna anga anavala jekete yawo ya mgonero. Ankalankhula Chinyanja, a porofesolo n'kumamasulira m'Chipwitikizi. Mpaka pamene anatsegula pakamwa, ine sindinkadziwa chimene anene.

Ananena zonse. Anayambira mumsasa, anatchula mwana wathu wa malungo uja amene tinamuika kumeneko, anafotokoza za chitini, za mnzawo wa ku Majaua, za basi ndi mapazi otupa. Anati mwana anakana poyamba, ndipo iwo ndi amene anamukakamiza. A porofesolo ankamasulira atayang'ana pansi, mawu akutsika pang'onopang'ono, koma sanasinthe kanthu.

Mayi dokotala uja anafunsa kuti mankhwalawo dzina lake ndi chiyani.

"Tinkawatcha a mapazi."

Anafunsa kuti anali a ndani.

"A malemu."

Ndinamva mbuzi ikulira kuseri kwa kalasi. Kenaka mayi dokotalayo anatembenukira kwa mwana. Kodi kugulu anakuphunzitsani kuti musamamwe mankhwala osafunsa? Anati inde. Kodi unafunsa? Anati ayi. Chifukwa chiyani?

"Anandipatsa ndi bambo anga," anatero.

Wapampando wawo sanali munthu waukali. Anati akukhulupirira kuti pakhomo pathu palibe amene ankafuna kuba mpikisano, ndipo anathokoza amuna anga chifukwa chonena zoona. Koma anati anzake amene anathamanga naye tsiku lija anasunga lamulo, ndipo mwana wathu ankadziwa lamulolo. Mayi dokotala anawonjeza kuti chitini chimenecho tsiku lina chidzapha munthu, ngati sichinaphe kale ife osadziwa.

Chigamulo chinabwera mvula yoyamba itagwa. Zaka ziwiri osathamanga mpikisano uliwonse, ndipo mendulo abweze. Gulu lija silinachedwe. Linati likumva chisoni, koma malo a pasukulu ndi a othamanga.

Mwana anatsika shapa pamsika ndi chikwama chimodzi. Atafika pakhomo anagwada n'kupereka moni kwa bambo ake monga mwa ulemu wonse, anayankha za ulendo, anafunsa za kumunda. Sanakalipe, sanalire. Kuyambira tsiku limenelo amalankhula nawo chomwecho, ngati mlendo wamakhalidwe abwino.

Chitini amuna anga anachinyamula okha kupita nacho kuchipatala, ngakhale akulu anzawo ena anatsutsa kwambiri, nati mwambo umene unatisunga mumsasa sungathe chifukwa cha masewera a mwana mmodzi. Namwino anachilandira, anapukusa mutu, kenaka anaona mapazi awo n'kuwakhazika pansi kuti awayeze. Tensau anali nayodi, yokwera kwambiri. Anabwera kunyumba ndi timapiritsi toyera tating'ono tomwe tija, m'kathumba kolembedwa dzina lawo. Anakaika patebulo, ndipo mwana podutsa anakaona, anakawerenga, anapitirira.

Ngati bodza lija likanathandiza, palibe akudziwa. A porofesolo eni ake anadzandiuza pambuyo pake kuti mwina oweruzawo akanafunsa kuchipatala n'kuligwira, chilango n'kukula. Mwinanso ayi. Ndayesa kutsamira pa mwina woyambayo, koma sandinyamula.

A porofesolo anamulimbikitsa kuti asasiye, azithamanga yekha m'mamawa, zaka ziwiri si moyo wonse. Miyezi yoyamba ankaterodi. Koma nkhani inali itafika kale kumalire, ndipo kumalire nkhani siifika yonse. Anyamata a njinga akamuona akudutsa ankakuwa.

"Wa mapiritsi uyo! Achemwali, tigawireniko, tikweze matumba anayi!"

"Mumwe awiri lero, mukafika ku Maputo nkhomaliro isanapse!"

Poyamba ankawayankha. Kenaka anasintha njira. Kenaka ndinangoona kuti kukucha iye ali pamphasa. Nsapato zothamangira anapatsa msuweni wake wopita nazo kumunda. Poti pakhomo pathu palibe amene angangokhala, anayamba kupita kumalire komweko kukasenza mabelo a kaunjika a amalonda, kuwolotsa pamlatho kuchoka ku Muloza. Amalondawo amamukonda chifukwa satopa. Kumpingo amabwera, amakhala kumbuyo, nyimbo saimba.

Ndimadziwa za munthu uja amene anakwera phiri ndi mwana wake, nkhuni zili pamsana pa mwanayo, ndipo atakweza mpeni, nkhosa inapezeka itakodwa m'chitsamba. Ndinakula ndikuikonda nkhani imeneyo. Ife tinayang'ana m'zitsamba zonse, nkhosa sitinaione. Sindinasiye kupemphera, ndipo sindikunena kuti Mulungu analakwa. Iye amaona zamumtima, pamene makina aja anaona za m'botolo zokha, ndipo zimene anaona m'botolomo zinalimodi. Amuna anga sindinganene kuti analakwa kunena zoona. Koma ndikamuona mwana wanga akubwera madzulo khosi litauma, fumbi la kumalire lili m'tsitsi, ndimafunsa Ambuye kuti chilungamo chimenechi anakolola ndani. Yankho silinabwere. Ndimadzuka, ndimamuikira madzi osamba.

Zaka ziwiri zija zinatha chaka chino. Ine ndinkaziwerenga mumtima, iye sindikudziwa. Tsiku lina m'mawa foni yanga inalira, nambala yachilendo. Anali bambo wina wa kugulu lija la ku Maputo, wolankhula Chinyanja chothyokathyoka, ndipo anati nambala yanga anamupatsa ndi a porofesolo. Anati chilango chatha, dzina la mwana layera, ndipo ngati akufuna abwere adzamuyese. Akaona kuti liwiro likadalipo, amubwezera pasukulu pomwe anasiyira.

Mwanayo anali pabwalo pomwepo, akusankha nandolo palichero. Bambo ake anali pakhonde, mapazi atakweza pachitsa. Ndinatseka foni ndi chikhatho n'kumuuza zonse.

Sanadzutse mutu.

"Muwauze kuti kulibe."

"Mwanawe, ndi sukulu."

"Ndamva. Muwauze kuti kulibe, ndinapita ku Malawi, simukudziwa kumene ndili."

"Tangolankhula nawo wekha."

"Amayi, miyendo ija inatha. Ndikapite akandiyang'ane ndikutsalira kumbuyo, kenaka anditengerenso m'kachipinda? Muwauze kuti kulibe."

Bamboyo ankaitana m'chikhatho mwanga, alo, alo. Ndinayang'ana amuna anga, iwo anayang'ana pansi. Ndinabwezera foni kukhutu.

"Alipo," ndinatero, "koma akuti sabwera."

Anapempha kuti alankhule naye. Ndinamutambasulira foni, iye anapitiriza kusankha nandolo. Bamboyo anadikira pang'ono, kenaka anati wamva, ndipo poti pali mtsikana wina wa ku Gurue amene akudikira malowo, amuitana iyeyo. Ndinathokoza, ndinamufunira madalitso a Mulungu, foni inaduka.

Mwana anathira nandolo zosankhazo m'beseni, anakung'untha lichero.

"Nanunso, amayi? Ngakhale kabodza kakang'ono chonchi?"

Sananene mokwiya. Anafunsa ngati munthu amene akungofuna kudziwa. Anatenga nsalu yake yopindira nkhata pachingwe, anauza bambo ake mwaulemu kuti lole ya amalonda yafika ndipo abwera madzulo, n'kutsika njira ya kumalire.